Espetada, nyama yopachika pa chitsulo ija, dzinali linachokera kuti?

Funso lomwe labwera ndi ili: "Ndine wetala pa lesitilanti ina ku Joni kuno. Pa menyu pathu pali chakudya amati espetada, nyama ya ng'ombe yotunga ku chitsulo chachitali, timakaipachika patebulo pamaso pa kasitomala. Tsiku lina kasitomala wina anandifunsa kuti dzinali limatanthauza chani, ine kukamwa yasa. Mnzanga wa ku Mozambique yemwe ali kukhitchini akuti likuchokera ku espada, kutanthauza lupanga, poti chitsulocho chimaoneka ngati lupanga. Ndi zoona? Nanga ndi Chipwitikizi chenicheni kapena ndi zongopeka za pa Joni pompano?"

Achimwene, ndi Chipwitikizi chenicheni, chakalekale ndithu, koma za lupangazo mnzanuyo waphonya. Sindikumuseka ayi, anthu ambiri amaganiza choncho chifukwa mawu awiriwa amamveka ngati apachibale ndiye chitsulo chija mukachinyamula ndi chogwirira chake chija chimakhaladi ngati mukupita ku nkhondo. Koma espada ndi mawu ochokera ku Chilatini, spatha, omwenso Aroma anawatenga ku Chigiriki, pomwe espetada ikuchokera ku espeto. Mabanja awiri osiyana, angofanana nkhope basi.

Espeto ndi kamtengo kapena chitsulo chosongoka chotungira nyama pootcha. Ndiye Apwitikizi anatenga dzina limeneli nkupanga mneni, espetar, kutanthauza kubaya, kusomeka, kutunga. Munga ukakubaya ku phazi ndi espetar yemweyo, mukasomeka foloko mu mbatata ndi espetar, mukakhomera msomali m'thabwa mutha kunenanso choncho. Kenako kumapeto amaikako kamchira kaja -ada, ndipo kamchira kameneka m'Chipwitikizi kamagwira ntchito zingapo koma ziwiri ndi zomwe zikutikhudza pano. Yoyamba ndi ya chakudya: nyemba ndi feijão, mphika wa nyemba zophika ndi nyama ndi feijoada, nsomba zija za sardinha mukaziotcha zambiri nkuitana anthu ndi sardinhada. Yachiwiri ndi ya kumenya kapena kubaya ndi chinthu: mpeni ndi faca, kubayidwa ndi mpeni ndi facada, mwala ndi pedra, kugendedwa ndi pedrada. Espetada yagwera mbali zonse ziwiri. Ndi chakudya cha pa espeto, komanso ngati singano yakulasani chala mutha kunena kuti mwalandira espetada. Ndiye kasitomala akafunsanso ingomuuzani kuti dzinali silikunena za nyama, likunena za chotungiracho, tanthauzo lake ndi "chotungidwa pa chitsulo" basi. Nchifukwa chake ku Portugal ndi ku Mozambique mupeza espetada ya nkhuku, ya nkhumba, ya nsomba, ya camarão (ma prawns), ya lulas (calamari), ina amati espetada mista yosakaniza, mpaka ya zipatso pa phwando la ana.

Chomwe chimandisangalatsa ine nchakuti kwathu tili ndi chinthu chofananako koma mawu ake anayenda mobwerera. Mpani, uja timapanira mbewa kapena nsomba, dzina lake linachokera ku mneni, kupana. Tinayamba ndi ntchito kenako chipangizo nkupatsidwa dzina. Apwitikizi anayamba ndi chipangizo, espeto, nkupanga ntchito, espetar, nkubwereranso ku dzina, espetada. Komanso onani kusiyana kwake, mpani umang'ambidwa pakati nkupana nyama kunja, subowola, pomwe espeto amalowa mkati mwa nyama nkutulukira mbali ina. Mnyamata wogulitsa mbewa m'mbali mwa msewu wa M1 sali ndi espetada m'manja, olo mutafuna kumukometsera bwanji. Wa kanyenya amene watunga tinthuli take ku kamtengo ndiye ali nayo.

Tsopano espeto weniweniyo anachokera kuti. Apa ndi pomwe nkhani ikukoma chifukwa Chipwitikizi ndi mwana wa Chilatini, mawu ake ambiri mukawatsata mukafika ku Roma, koma awa ayi. Aroma chitsulo chootchera nyama ankati veru. Espeto ndi mawu a mitundu ya Chijeremani, ndipo madikishonale a Chipwitikizi ndi a Chisipanishi omwe amawalozera ku chilankhulo cha Agoth, amalemba *spitus. Kanyenyezi kali kutsogoloko musakadumphe, kamatanthauza kuti mawuwo sanapezeke olembedwa penapake, akatswiri anachita kuwamanganso poyerekeza zilankhulo zapachibale. Zili ngati muone ana asanu a bambo mmodzi onse mphuno yofanana, mutha kunena mphuno ya bambowo olo chithunzi chawo palibe.

Nanga Ajeremani akalewo anakafika bwanji ku Portugal? Ufumu wa Roma utayamba kugwedezeka, chaka cha 409 mitundu ina inawoloka mapiri a Pyrenees nkulowa dera lomwe pano ndi Spain ndi Portugal. Ena mwa iwo, Asuebi, anakhazika ufumu wawo kumpoto chakumadzulo, likulu lawo ku Braga, mzinda womwe ulipo mpaka lero kumpoto kwa Portugal. Avisigoth, nthambi ya Agoth aja, anabwera pambuyo, anadzalamulira dera lonse ali ku Toledo, chaka cha 585 nkumeza ufumu wa Asuebi uja, ndipo anakhalapo mpaka 711 pomwe Asilamu anawoloka kuchokera kumpoto kwa Africa. Anthu amenewa anali ochepa poyerekeza ndi eni dera, chilankhulo chawo chinafa, iwo eni anayamba kulankhula Chilatini cha m'mudzi chomwe anachipeza. Koma anasiya timawu apa ndi apo, ndipo mukationa timawuto timanunkha msasa wa asilikali: guerra nkhondo, espora chitsulo cha ku chidendene chobayira hatchi, luva magolovesi, roupa zovala, ganso tsekwe. Ndi espeto. Anthu oyenda ndi nkhondo, kupha nyama, kusonkha moto, kutunga, kudya, mawa ulendo.

Ndiye popeza muli pa Joni, pali m'bale wake wa espeto yemwe mumakumana naye pafupipafupi osadziwa. Spit braai. Nkhosa yathunthu ija amaitunga ku chitsulo nkumaizunguza pamoto pa maukwati ndi pa mapate a kumapeto a chaka. Spit ameneyo, wa m'Chingerezi ndi m'Chiafrikaans, ndi tsinde limodzi ndi espeto. Ajeremani amati Spieß, ndipo chinthu chosongoka amati spitz. Ndiye Mbunu akamati spit ndipo Mpwitikizi akamati espeto akutchula mawu amodzi omwe anasiyana njira zaka zoposa 1500 zapitazo nkudzakumananso pa menyu ya ku Gauteng. Kasitomala wanu uja mukanamuuza zimenezi tipu ikanakwera ndithu.

Mwina mukufunsa kuti nanga e wa kutsogoloyo wachokera kuti, poti spitus akuyamba ndi sp. Imeneyo ndi nkhani ya lilime. Anthu a ku Spain ndi Portugal kuyambira kale sankatha kuyamba mawu ndi s wotsatana ndi konsonanti ina, ndiye ankaikako e kutsogolo kuti lilime litsetsereke. Schola ya Chilatini inakhala escola, spiritus inakhala espírito, stare inakhala estar, ndipo spatha ija inakhala espada, ndi chifukwa chake espada ndi espeto akufanana poyambira, onse anavekedwa chipewa chimodzi. Mpaka lero ku Brazil sport amati esporte, stress amati estresse. Ifenso timachita zomwezo kungoti ife lembo la liwu timaliponya pakati: school tinati sukulu, store tinati sitolo, spoon supuni, stove sitovu. Vuto limodzi, mankhwala osiyana. Tikanakhala kuti ndi ife tinakumana ndi Agoth bwenzi pano tikuti sipito.

Choseketsa nchakuti Apwitikizi a ku Portugal atavutika kuikako e uja, pano polankhula amamumezanso. Mukamva munthu wa ku Lisbon kapena ku chilumba cha Madeira akuitanitsa, zimamveka ngati "shpetada", s uja amasanduka sh ndipo e sakumveka nkomwe. A ku Brazil ambiri amati "ispetada". Mphamvu ya mawu ili pa ta, espeTAda, osati pa pe. Ndi dzina lachikazi, uma espetada, zikakhala zambiri espetadas.

Tibwere ku mbale yomwe mumanyamula ija. Mawuwa ndi a Chipwitikizi chonse koma kapangidwe kopachika nyama patebulo, tinthuli tikulutikulu ta ng'ombe, adyo, mchere wamibulu ndi masamba onunkhira aja, kwawo ndi ku Madeira. Ichi ndi chilumba cha Portugal m'nyanja ya Atlantic, chili kufupi ndi Morocco kusiyana ndi Lisbon, likulu lake Funchal, kwawo kwa Cristiano Ronaldo ngati mukufuna poyambira macheza ndi kasitomala. Apwitikizi anafikako chaka cha 1419 motsogozedwa ndi João Gonçalves Zarco ndi Tristão Vaz Teixeira, anapeza kulibe munthu, nkhalango yokhayokha, ndiye anangochitcha Madeira, kutanthauza matabwa kapena mitengo. Ndipo nkhalango imeneyo ndi yomwe inabala espetada ya kumeneko, chifukwa muli mitengo ya louro yambirimbiri, mtengo womwe masamba ake ouma mumaponya mu supu kukhitchini kwanuko aja, pa Chingerezi amati bay leaves. Nkhalango yotsalayo amaitcha Laurissilva, UNESCO inaiika m'kaundula wa malo otetezedwa a dziko lonse chaka cha 1999.

Espetada yeniyeni ya ku Madeira siitungidwa ku chitsulo ayi, imatungidwa ku nthambi ya louro, amati espetada em pau de louro. Nthambi yaiwisi, yowongoka, yonenepa ngati chala, kuisongola mbali imodzi, kutungako nyama. Ikakhala pamakala nthambiyo imatenthedwa nkumatulutsa fungo lake mkati mwenimweni mwa nyama, ndiye nyamayo imakoma kuchokera mkati, chinthu chomwe chitsulo sichingachite olo mutathira masamba ochuluka bwanji. Zokometsera ndi zitatu basi, adyo wosinja ndi makoko ake omwe, masamba a louro othyolathyola, mchere wamibulu. Ikapsa amaigwedeza kapena kumenyanitsa timitengo kuti mchere wotsala ugwe. Palibe sosi, palibe tsabola wobiriwira pakati, palibe anyezi. Zoika tsabola ndi anyezi pakati pa nyama ndi za kwina, sikuti nzoipa koma munthu wa ku Madeira akaona angopukusa mutu.

Chinali chakudya cha pa chikondwerero. Ku Madeira parishi iliyonse ili ndi tsiku la woyera wake, chikondwererocho amati arraial, chachikulu kwambiri ndi cha Nossa Senhora do Monte pa 15 August. Kalelo anthu osauka nyama ya ng'ombe sankaiona pafupipafupi, ndiye tsiku ngati limenelo ng'ombe imaphedwa, nyama imapachikidwa m'tizisakasa tokongoletsedwa ndi masamba a louro omwewo, iwe umapita kukagula pa kilo, akudulira, akutungira ku nthambi, akuwaza mchere ndi adyo, kenako umanyamula wekha kupita pa moto wa aliyense womwe wasonkhedwa poteropo nkukaotcha wekha, utaima ndi anthu ena osawadziwa, utsi m'maso, kukangana kuti yako yapsa kapena ayi. Mpaka pano pa arraial zimachitika choncho. Ndikamaganiza zimenezi ndimaona tsiku la msika kwathu, pomwe ng'ombe yaphedwa m'mawa ili lende pa mtengo, wina ali ndi chiwaya pambali, umaloza nthuli yomwe ukufuna. Kusiyana kwake nkochepa kwambiri. Malo omwe amatchuka kuti ndi kwawo kwa espetada ya m'malesitilanti ndi Estreito de Câmara de Lobos, kumtunda kwa mudzi wa asodzi wa Câmara de Lobos, ndipo m'malesitilanti ndi momwe chitsulo chinalowa m'malo mwa nthambi, chifukwa nthambi imagwira ntchito kamodzi pomwe chitsulo mumatsuka nkubwezeranso. Kupachika kuja kulinso ndi nzeru yake, si zokongoletsa chabe. Batala amamuika pamwamba, amasungunuka nkumatsika nthuli ndi nthuli, madzi a nyama nkumadontha pansi pomwe pali mbale kapena buledi wodikirira. Kasitomala amakoka nthuli imodzi ndi foloko kutsitsira m'mbale, zinazo zikadali zotentha pa chitsulo.

Ndipo zomwe amadyera espetada kumeneko, achimwene, mukhoza kuseka. Pali bolo do caco, buledi wophwatalala wosakaniza ndi mbatata, wootcha pa mwala wotentha, amamupaka batala wa adyo. Ndiye pali milho frito. Ufa wa chimanga, kuphika ngati phala lolimba, ena amadulirako masamba, kusiya lizizire usiku wonse mpaka ligwirane, m'mawa kudula timabokosi nkukazinga m'mafuta. Mkute! Nsima yogona yeniyeni, kungoti yokazinga, ndipo alendo ochokera ku Germany ndi ku England amalipira ma euro kuti adye. Ife mkute timabisa alendo akabwera.

Mmene zinafikira pa Joni ndiye nkhani yachidule. Madeira ndi chilumba chaching'ono chamapiri, malo olima ochepa, ndiye anthu ake akhala akusamuka kwa zaka zambiri, ku Venezuela, ku Brazil, ku Jersey, ku London, ndi ku South Africa komwe anabwera ambiri zedi m'zaka za m'ma 1900, ambiri nkuyamba ndi minda ya ndiwo zamasamba, mashopu a zipatso ndi timakafe ta pakona. Kenako Mozambique ndi Angola atalandira ufulu chaka cha 1975 Apwitikizi enanso ambiri anatsikira konko, ambiri nkukhala kumwera kwa Johannesburg, madera ngati Rosettenville ndi La Rochelle. Magulu awiriwa anabweretsa zakudya zosiyana, a ku Madeira espetada, a ku Mozambique nkhuku ya piripiri ndi camarão, ndipo pa menyu ya "Chipwitikizi" ya ku South Africa zonsezi zinangosakanikirana ngati zinachokera mudzi umodzi. Nando's yomwe inayambira ku Rosettenville komweko chaka cha 1987. Ndiye espetada yothira piripiri yomwe mwina mumagulitsa ndi mwana wa pa Joni, bambo wa ku Madeira mayi wa ku Maputo.

Mnzanu wa ku Mozambique mumufunse za espetinho, aidziwa. Awa ndi mawu omwewo koma ndi kamchira kena, -inho, komwe kamachepetsa chinthu ngati ka- wathu uja, nyama kanyama, mtengo kamtengo. Espetinho ndi kaespeto, tinyama ting'onoting'ono pa kamtengo kansungwi, ndipo ku Brazil ndiye chakudya cha m'misewu chenicheni, madzulo pakona paliponse pali munthu ndi mbaula yake, anthu ataima ndi mowa m'manja. Amachitchanso churrasquinho, ndipo chikakhala chotchipa mokayikitsa amaseka kuti churrasquinho de gato, kanyenya wa mphaka, nthabwala yomweyo timanena ife tikaona nyama yotchipa pa depoti. Mbali inayo kuli -ão yemwe amakulitsa ngati chi- wathu, espetão, chiespeto chachikulu. Kumwera kwa Brazil malesitilanti aja operekera zakudya amazungulira ndi zitsulo za nyama tebulo ndi tebulo mpaka mutakhuta, ambiri amati rodízio koma kumeneko amatinso espeto corrido, chitsulo choyenda. Ku Spain nakonso mawuwa alipo, ku Málaga espeto ndi nsomba za sardina zotunga ku bango nkuziimika mumchenga pafupi ndi moto m'mbali mwa nyanja, zomwe munthu wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi sangadabwe nazo.

Mawuwa analowanso m'miyambi. Munthu woonda kwambiri amati magro como um espeto, kuonda ngati chotungira nyama. Ndipo pali mwambi wodziwika kulikonse komwe amalankhula Chipwitikizi, em casa de ferreiro, espeto de pau, kunyumba kwa wosula zitsulo chotungira nyama nchamtengo. Amanenera mmisiri yemwe amakonzera anthu ena koma kwake zinthu zili mbwee, telala woyenda ndi buluku long'ambika. Mwambiwu ukutenga espeto wamtengo ngati chinthu chaumphawi, chochititsa manyazi, pomwe ku Madeira wamtengoyo ndiye wapamwamba, wachitsulo ndi wa alendo.

Funso lina lomwe anthu amandifunsa nlakuti bwanji mawuwa sanalowe m'Chichewa, poti Apwitikizi akhala ku Tete ndi ku Sena kuyambira m'zaka za m'ma 1530 ndipo tinatengako mawu ambiri kwa iwo. Nsapato ndi sapato, kalata ndi carta, kapitawo ndi capitão, mbatata ndi batata, chipewa ndi chapéu. Maganizo anga ndi oti anthu amabwereka dzina pamodzi ndi chinthu chomwe alibe. Nsapato ndi kalata zinali zachilendo. Kutunga nyama ku kamtengo nkuotcha sikunali kwachilendo kwa aliyense, tinali kale ndi kuotcha, kuwamba, kutunga, mpani, ndiye panalibe mpata woti espeto akhalepo. Achewa a ku Angónia ndi ku Tete amene amalankhula zilankhulo zonse ziwiri atha kunena espetada ali m'tauni, akafika kumudzi ndi nyama yootcha basi.

Chenjezo limodzi ngati mwatengeka mukufuna kukayesa ya nthambi pa holide kumudzi. Louro ndi mtengo wodyedwa, nchifukwa chake amautungira nyama. Musangothyola mtengo uliwonse wa pa mpanda, ina ndi yapoizoni, nkhadze ndi utomoni wake uja musayerekeze nkomwe, ngakhalenso oleander wa maluwa okongola uja amabzala m'misewu ya m'tauni, ameneyo ndi woopsa zedi. Nsungwi ilibe vuto, muinyike kaye m'madzi kuti isapse msanga, masamba a louro mugule a m'paketi musinjire limodzi ndi adyo.

Za espada zija, muuzeni mnzanuyo kuti asazitaye, zili ndi ntchito yake. Ku Madeira komweko espada ndi dzina la nsomba, peixe-espada-preto, yakuda bii, yaitali ngati lupanga, mano ngati singano, maso akuluakulu, asodzi a ku Câmara de Lobos amaiwedza pansi penipeni pa nyanja ndi zingwe zazitali. Ndi chakudya china chotchuka cha pachilumbapo ndipo pa menyu imakhala moyandikana ndi espetada. Mlendo amene wameza zilembo nkunena espada akufuna espetada amangoona kwabwera nsomba yokazinga, pamwamba pake atagonekapo nthochi.